WhatsApp, Facebook kapena Telegram: a kulaibulale ayambe kuphunzira iti?

Ngati nthawi yophunzitsa antchito ndi masana amodzi okha, yambani ndi WhatsApp Business. Owerenga ambiri ali nayo kale WhatsApp, ndipo bandulo yake ya Airtel kapena TNM siboola m'thumba. Choyamba kuwaphunzitsa ndi mayankho okonzeratu: munthu akafunsa nthawi yotsegulira, wantchito amangolemba chizindikiro cha / n'kusankha yankho losungidwa, osati kulemba zomwezomwezo kakhumi patsiku.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa nambala. Akauntiyo ikatsegulidwa pa SIM ya wantchito, tsiku lomwe wasamutsidwa amapita nawo owerenga onse. Laibulale igule SIM yakeyake. Nambala imodzi imalumikizika ku zipangizo zina zinayi, kuphatikizapo kompyuta ya pakauntala. Gulu limathera pa anthu 1,024, komanso aliyense amaona nambala za anzake, zomwe sizabwino ngati muli ana asukulu. Uthenga wa broadcast, womwe mumatumiza kamodzi koma aliyense amaulandira payekha, umapita kwa anthu 256 basi, ndipo umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu. Ichi n'chifukwa chake ena amadandaula kuti sanalandire chikumbutso chobweza buku.

Facebook ndi yolengezera, osati yokambirana za ngongole ya buku. Tsegulani Page, osati akaunti ya munthu yotchedwa dzina la laibulale, chifukwa imeneyo imadzaza pa anzanu 5,000 ndipo Facebook ikhoza kuitseka. Oyang'anira akhale awiri kapena kuposa. Ndi Meta Business Suite, pulogalamu yoyendetsera tsamba la Facebook, mutha kukonza Lolemba zolengeza za sabata yonse n'kuziikira nthawi yotulukira. Koma musaganize kuti aliyense wotsatira tsambalo waona. Facebook imasankha yokha owaonetsa.

Telegram imaposa zonsezi posunga mafayilo. Gulu limafika anthu 200,000, fayilo imodzi mpaka 2GB, ndipo wolowa lero atha kufufuza zomwe zinaikidwa chaka chatha, bola oyang'anira atsegule mbiri ya gululo. Kwa ophunzira a kukoleji ndi yabwino zedi. Kulaibulale ya paboma, komwe ambiri alibe pulogalamuyi, mudzangolankhula nokha. Ndipo wophunzitsayo anene mosapsatira: kujambula buku lonse n'kuliponya m'gulu n'kuphwanya lamulo la umwini wa zolemba, ngakhale bukulo lili pa shelefu yanu.