Masankishoni kapena nkhondo ya m'tchire: za Rhodesia ya Smith

Ian Smith, nduna yaikulu ya Rhodesia (Zimbabwe ya lero), atalengeza ufulu wake wachinyengo wochoka pansi pa Britain pa 11 Novembala 1965 kuti azungu ochepa azilamulabe anthu akuda mamiliyoni, njira zinalipo ziwiri, kumufinya pa chuma kapena kumuthira nkhondo.

Masankishoni: UN inayamba ndi kuletsa katundu wochepa mu 1966, nkudzatseka malonda onse mu 1968.
Nkhondo: ya ZANLA ndi ZIPRA, magulu ankhondo a anthu akuda omenyera ufulu, inafika povuta kuyambira 1972.

Mtengo wake? Masankishoni sakhetsa magazi koma amene anaona zakuda ndi Zambia, mafuta ake ankadzera ku Rhodesia komweko, mpaka kumanga payipi ya TAZAMA ndi njanji ya TAZARA yopita ku Dar es Salaam. Nkhondo inadya anthu masauzande, ena anaphedwera m'makampu ku Nyadzonia ndi Chimoio ku Mozambique.

Nanga liwiro? Harold Wilson, nduna yaikulu ya Britain nthawi imeneyo, ankati masankishoni ndi nkhani ya masabata chabe, koma zinatenga zaka 14! Zombo za Britain zinkalondera doko la Beira ku Mozambique pomwe mafuta akulowa bwinobwino kudzera ku Lourenço Marques (Maputo ya lero) ndi South Africa, America nayo mu 1971 nkulolezanso kugula miyala ya chrome ya ku Rhodesia, ndiye kufinyako kuli pati apa? Nkhondo inaluma zenizeni Mozambique italandira ufulu mu 1975, pulezidenti wake Samora Machel nkutseka malire ndi Rhodesia chaka chotsatira.

Mapeto ake mgwirizano wa ku Lancaster House ku London 1979, ufulu wa Zimbabwe 1980. Kwa ine mfuti ndi imene inamukokera Smith patebulo, masankishoni anangomufooketsa.

Masankishoni amayenera mayiko akutali osafuna kutumiza asilikali, bola aneba onse atseke zipata. Nkhondo ndi ya eni nthaka omanidwa voti amene ali ndi neba wowasunga.