Printa ya matanki a inki patatha chaka ndi miyezi ingapo

Chaka chatha, nditangogula printa, ndinalemba kuti ikuoneka yabwino koma ndidzanena zenizeni ikadzadutsa nyengo zonse: fumbi la Okutobala, chinyezi cha dzinja ndi kuzizira kwa Juni. Yadutsa zonsezo ndipo ikugwirabe ntchito.

Ndili ndi kaofesi ku Area 25 ku Lilongwe, komwe timalemba makotesheni ndi malisiti a ntchito zomanga. Printa yomweyo ndi imene ana amasindikizira za kusukulu, ndipo mayi akunyumba akakhala ndi mapulogalamu a kumpingo amathamangira pomwepo. Ndi ya mtundu wa matanki, ija imakhala ndi timatanki tinayi timene umathiramo inki kuchokera m'botolo: yakuda, yabuluu, yofiirira ndi yachikasu. Imasindikiza, imapanga fotokope ndi scan. Dzina la kampani ndalisiya dala, chifukwa zimene ndaona zikukhudza mtundu wonse wa makinawa. Epson amawatcha EcoTank, Canon amati MegaTank, HP amati Smart Tank, ndipo m'masitolo a ku Old Town kuno kapena ku Limbe mudzawapeza atayandikana pa shelefu imodzi.

Ndiyambe ndi ndalama, poti ndi zimene zinandikokera kumeneko. Ndisanagule iyi ndinali ndi printa ya makatiriji, timabokosi ta inki timene umasintha inki ikatha, yotsika mtengo kwambiri pogula, koma mwezi ukamatha ndimapezeka ndili m'sitolo kufuna katiriji ina. Manambala a makampani eni ake amafotokoza bwino nkhaniyi. Katiriji yakuda wamba, monga HP 305, imalembedwa kuti imasindikiza masamba pafupifupi 120. Botolo lakuda la Epson 103, la mamililita 65, limalembedwa masamba 4,500, ndipo mabotolo atatu a mitundu pamodzi amafika 7,500. Ndiye kuti botolo limodzi lakuda likugwira ntchito ya makatiriji oposa 35. Zili ngati kugula mafuta ophikira oyezera pa benchi tsiku ndi tsiku m'malo mwa chigubu cha malita asanu: tsiku logula chigubu thumba limalira, koma mwezi wonse ukuphika osawerengera.

Manambalawo musawatenge ngati lonjezo. Amayezedwa ndi masamba oyesera amene alibe zolemba zambiri, ndipo kotesheni yokhala ndi chizindikiro cha kampani ndi mizere ya tebulo imadya inki kuposa pamenepo. Inki yoyamba nayo simaifikitsa yonse papepala, chifukwa ina imapita kukadzaza timapaipi ndi mutu wosindikizira (kachipangizo kamene kamapopera inki papepala) tsiku loyamba, ntchito yotenga mphindi khumi kapena kuposerapo. Ngakhale zili choncho, ine chigulire ndathira botolo lakuda limodzi latsopano, ndipo matanki a mitundu akadali ndi inki imene inabwera m'katoni. Kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chimasintha mtengo usanatembenuke, choncho chinthu chimene umagula kamodzi pachaka m'malo mwa mwezi uliwonse chimakupumitsa mtima. Mitengo sindiilemba pano dala: pofika mawa idzakhala itasuntha.

Pali kankhani kena kamene kamandisangalatsa. Printa zamatankizi sizinayambire ku Japan, ku Ulaya kapena ku America. Epson anayamba kuzigulitsa ku Indonesia mu 2010, kumene anthu anali atatopa ndi mtengo wa makatiriji n'kumangomangirira okha mabotolo a inki pambali pa printa ndi timapaipi. Amene anakhalapo pa malo opangira fotokope kwathu kuno zaka zimenezo amazikumbukira: mabotolo omata ndi selotepi, inki itadontha patebulo, mwini wake zala zili bii. Za masiku ano zinakonza vutolo. Pa yangayi botolo lililonse lili ndi kamwa yake, lakuda silingalowe pa tanki yachikasu, ndipo tanki ikadzaza inki imasiya yokha kutsika. Mwana wa Sitandade 6 amathira osadetsa malaya.

Tsopano zovuta zake, ndipo chachikulu ndi ichi: printa ya inki sifuna kukhala. Pa Khirisimasi tinatseka ofesi n'kupita kumudzi, ndipo titabwerako tsamba loyamba linatuluka ndi timizere toyera todutsa m'zilembo, chofiira chikuoneka ngati chapinki chofooka. Chimachitika n'chakuti inki imauma pa timabowo ting'onoting'ono ta mutu wosindikizira, kapena mpweya umalowa m'timapaipi. Mu pulogalamu ya printa pakompyuta muli Nozzle Check, imene imasindikiza kachithunzi ka timizere kuti uone mtundu umene watsekeka, ndi Head Cleaning, imene imakoka inki mwamphamvu kuti itsegule. Ndinatsuka kawiri, n'kuisiya usiku wonse, m'mawa inali bwino. Ambiri amalephera kudikirako. Amatsuka kasanu kotsatizana, inki n'kumatha, mizere ili pomwepo. Inki youma imafuna nthawi kuti isungunuke, ndipo mabuku a printa ena amanena kuti udikire maola 12 usanayesenso. Chiyambire pamenepo, Loweruka lililonse timasindikiza tsamba limodzi lokhala ndi mitundu yonse inayi, ngakhale palibe chofunika, ndipo mizereyo sinabwerenso.

Kutsukaku kuli ndi mtengo wina wobisika umene ogulitsa satchula. Inki imene imakokedwa potsuka imapita pansi pa printa, m'kasiponji koyamwa, ndipo makinawo amawerenga kuti kayamwa yochuluka bwanji. Tsiku lina nambalayo ikakwana, printa imaima, timagetsi n'kumaphethira, mpaka amisiri asinthe siponjiyo ndi kubwezera chowerengeracho pa ziro. Yanga sinafikepo, koma mnzanga wa fotokope pafupi ndi msika zinamuchitikira mkati mwa nyengo ya mayeso, ana a Folomu 4 atandanda pakhomo ndi mapepala akale a MANEB. Pali mitundu imene kabokosi ka inki yotayikayo umasintha wekha, mwachitsanzo Canon PIXMA G3420 imene kabokosi kake ndi MC-G02. Amene akufuna kuchitira bizinesi afunse zimenezi asanapereke ndalama.

Pa nkhani ya magetsi yandikhalira bwino kuposa mmene ndinkaganizira. Printa zamtunduwu zimadya mawati osapitirira 20 zikamasindikiza, pafupifupi ngati babu. Magetsi akathima ndimailumikiza ku inverter ya sola ya panyumba, laputopu ili pa batire, ntchito n'kumayenda. Printa ya laser, ija imagwiritsa ntchito ufa m'malo mwa inki, singatero pa kainverter kakang'ono, chifukwa imatenthetsa ufa wake kuti umatirire papepala ndipo pamenepo imakoka mawati mazana angapo nthawi imodzi. Chofunika kusamala ndi kazimitsidwe. Ukazimitsa pa batani lake, mutu umabwerera pakona n'kudzitseka ndi kachivindikiro kuti usaume. Ukazimitsa pakhoma, kapena magetsi akapita ili mkati mosindikiza, mutuwo umatsala pakati uli pululu. Akabwera magetsi iyatseni kaye ibwerere pamalo pake, kenako muzimitse bwino. Ndinaikanso kachipangizo koteteza ku magetsi obwera mwamphamvu, komwe timaika pa firiji kaja.

Fumbi silinaivute kwenikweni, koma chifukwa chake ndi nsalu. Mapepala amalowera kumbuyo, pamwamba, ndipo polowera pamenepo m'pamene fumbi la chilimwe limagwera n'kukakhala pa timateyala tokoka pepala. Timateyalato tikaterera, printa imalira osakoka kanthu, kapena imakoka mopendekera. Chitenje chakale chofunditsa madzulo aliwonse, ndi kupukuta timateyalato ndi kansalu konyowa pang'ono mwa apo ndi apo, zatha. Dzinja linabwera ndi lake: mapepala osiyidwa pa thireyi amayamwa chinyezi, amamatana, printa n'kumakoka awiriawiri. Rimu ya mapepala 500 ndimaisunga m'pepala lake lomwe, m'kabati, n'kumatapa ochepa. Thireyi imanyamula mapepala 100, koma mu Febuluwale sindiika oposa makumi awiri.

Chimene sichingakonzedwe ndi nsalu ndi madzi. Inki yakuda ya printa yangayi ndi ya mtundu umene amati dye, yosungunuka m'madzi. Kapitawo wathu ananyamula kotesheni m'thumba la malaya mvula ili mkati, ndipo pofika kwa kasitomala manambala anali atayenderera, 3 ndi 8 osasiyanitsika. Ngakhale chala cha thukuta chimatha kupaka chilembo ngati tsamba langotuluka kumene. Si printa zonse zamatanki zili choncho: zina, monga Canon za inki ya GI-41 ndi HP Smart Tank za GT53, yakuda yake ndi ya pigment, imene imagwira pepala molimba ndipo zilembo zimaoneka zakuda kwenikweni. Ngati mapepala anu amapita kumunda, ku malo omanga kapena pa njinga ya kabaza, funsani kuti yakudayo ndi ya mtundu uti. Ogulitsa ambiri sadziwa, ndiye werengani pa botolo kapena fufuzani nambala yake pa intaneti. Ife tsopano chilichonse chotuluka panja chimalowa m'kathumba ka pulasitiki.

Liwiro lake ndi la munthu wosafulumira. Masamba pafupifupi khumi pa mphindi ngati ndi akuda okha, asanu ngati ndi a mitundu. Pa kotesheni ya masamba atatu simuzindikira. Koma mayi akunyumba atabwera ndi pulogalamu ya msonkhano wa amayi, makope zana kutsogolo ndi kumbuyo, tinamwa tiyi mpaka kuzizira. Simatembenuza pepala yokha, uyenera kulitulutsa n'kulibwezera, ndipo fotokope ndi ya tsamba limodzilimodzi pagalasi, palibe kokokera mapepala pamwamba. Zithunzi zimatuluka bwino pa pepala lonyezimira lija, zokwanira kuika m'fulemu pabalaza, ngakhale zopachikidwa pamene pamawomba dzuwa zayamba kale kufooka.

Yanga ndi ya waya wa USB basi. Masiku ano pafupifupi chilichonse chofuna kusindikizidwa chimafika pa WhatsApp, ndiye chimayenera kuchoka pa foni kupita pa laputopu kenako ku printa. Ya Wi-Fi ya mtundu womwewo imakwera mtengo pang'ono, monga kusiyana kwa Epson L3210 ndi L3250, zimene mkati mwake ndi chinthu chimodzi. M'nyumba ya anthu ambiri, aliyense ndi foni yake, kusiyanako n'koyenera kulipira.

Amene ali ndi achibale ku Johannesburg kapena ku London amakonda kunena kuti angotumiza ya kumeneko. Onani kaye nambala ya inki. Printa imodzimodziyo imagulitsidwa ndi mayina ndi mabotolo osiyana malinga ndi dera: ya Epson imene kuno imamwa 103, ku Asia imalembedwa 003, ndipo ku Britain abale ake otchedwa ET-2810 amamwa 104. Zochokera ku South Africa nthawi zambiri zimagwirizana ndi za kuno, kupatula pulagi ya mano ozungulira imene muyenera kusintha. Chitsimikiziro cha kampani nacho chimavuta kuchitsatira ngati katundu anadutsa pa Mwanza kapena pa Dedza m'chikwama. Ndipo botolo lopezeka pa mtengo wodabwitsa, losamata bwino, lisiyeni. Mutu wa printa ngati yangayi si chinthu chotaya ngati katiriji, ukawonongeka kukonzetsa kwake kumayandikira mtengo wa printa yatsopano.

Kodi ndingauze aliyense kuti agule yotereyi? Ayi. Mlamu wanga amasindikiza kalata imodzi pa miyezi iwiri, ndipo ndinamuuza kuti azingopita pa fotokope pamsika, chifukwa printa ya inki m'nyumba mwake ingafe ndi ludzu ili ndi matanki odzaza. Ofesi imene imatulutsa zolemba zakuda zokhazokha, zambiri, ndipo ili ndi magetsi odalirika kapena jenereta, ya laser ndiyo yake. Ufa suuma, ungaisiye miyezi itatu idzadzuka n'kugwira ntchito, zilembo sizichoka ndi madzi, ndipo ndi yachangu. Zakale zija za HP LaserJet P1102 zidakali m'maofesi ambiri mpaka lero, tona yake (katiriji ya ufa) ya 85A ya masamba 1,600 imapezeka paliponse, ndipo amisiri oidziwa ndi ambiri. Koma singakupatseni chizindikiro cha kampani cha mitundu, kapena mapu a Malawi amene mphunzitsi wa Sitandade 6 akufuna mawa m'mawa, nyanja ili yabuluu.

Ya matanki ndi ya nyumba kapena kaofesi kamene sabata sipita osasindikiza kanthu, kofuna mitundu mwa apo ndi apo, ndipo magetsi ake ndi a mwamwayi. Kwathu ndi kumeneko, ndipo ikadzafa iyi ndidzagula ina ya matanki, ya Wi-Fi, ya inki yakuda ya pigment, ndi kabokosi ka inki yotayika kosintha ndekha. Ndisanalipire ndidzayenda masitolo awiri kapena atatu kufunsa botolo lake ngati kasitomala wamba, kuti ndione ngati lilipo pa shelefu kapena ndi lija amati libwera sabata yamawa.