Loya amene ndinalemba pa mlandu wa chipukuta misozi ku Mzuzu: nyenyezi zinayi mwa zisanu

Ndili ndi shedi ya matabwa ku Luwinga. Timacheka ndi kupala matabwa ochokera ku Chikangawa, ndipo ndimagwira ndi anyamata asanu ndi mmodzi. Chaka chatha makina opalira anadula zala ziwiri za mmodzi wa iwo, kudzanja lamanja. Ndinathamanga naye ndekha kuchipatala, mankhwala ndinagula, malipiro ake sindinadule ngakhale mwezi umodzi. Mumtima ndinati nkhani yatha. Patapita miyezi isanu ndi iwiri kunafika munthu ndi envulopu ya khaki, m'katimo muli chisamani cha ku High Court ya Mzuzu. Ndalama imene ankafuna, ngakhale nditagulitsa makina onse ndi malata a shediyo, sikanakwana.

Ine ndinkadziwa kuti maloya olembedwa ganyu ndi a makhonsolo ndi makampani akuluakulu, omwe akasumiridwa ndi anthu ovulala amangotumiza fayilo kwa loya wakunja iwo n'kumapitiriza ntchito zawo. Sindinkalota kuti nanenso ndidzakwera masitepe amenewo. Ofesi imene ndinapitako ili m'tauni, pamwamba pa sitolo ina. Dzina sinditchula, koma ndi ya mayi wina amene amagwira ndi kalaliki mmodzi.

Chimene ndawapatsira nyenyezi zinayi ndi tsiku loyamba lomwelo. Ndinalowa nditakwiya, ndikunena za kusayamika kwa mnyamatayo. Anandisiya ndilankhule mpaka malovu kuuma, kenako anafunsa funso limodzi: "Bambo, chotchingira mpeni wa makinawo chinalipo tsiku limenelo?" Ndinakhala chete. Tinali titachichotsa kalekale chifukwa chimachedwetsa ntchito mukamapala matabwa otambalala. Anavula magalasi n'kunena kuti, "Ndalama zanu ndikhoza kulandira n'kukukokerani mlanduwu zaka ziwiri, koma mudzagonja basi. Tiyeni tilimbane ndi kuchuluka kwa ndalamayo, osati kukana kulakwa." Zinandiwawa, koma palibe amene anali atandiuzapo zoona chonchi. Achibale onse ankangoti limbani mtima, mwana ameneyo wanamizidwa ndi anthu.

Anandifotokozera zinthu zimene munthu wolemba anzake ntchito ayenera kudziwa asanagule n'komwe makina. Lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limati wantchito akavulala pantchito, bwana ayenera kukanena ku ofesi ya zantchito, ndipo chipepeso chimawerengedwa potengera malipiro a pamwezi ndi mmene adokotala ayezera kulumala kwake. Wolumala kotheratu amawerengeredwa malipiro a miyezi 54, wolumala pang'ono amalandira gawo la ndalama imeneyo. Ine sindinakanene kulikonse, inshuwalansi ya antchito ndinalibenso. Mnyamatayo sanadzere njira imeneyo, anasuma kuti ndinanyalanyaza chitetezo chake, ndipo lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 linali kumbali yake pa nkhani ya chotchingira chija. Nditafunsa ngati sanachedwe kusuma, anaseka n'kundiuza kuti wovulala ali ndi zaka zitatu.

Ntchito yawo yeniyeni ndinaiona pa mapepala. Anandituma kukafukula chilichonse: malisiti a ku famase, kabuku kamene anyamata amasainira malipiro, ngakhale mauthenga a Airtel Money osonyeza ndalama zomwe ndinkatumiza kwa mkazi wake ali m'chipatala. Kabukuko kanali kothimbirira ndi utuchi ndi mafuta a makina, tsamba lina litang'ambika pakona, koma anakajambula tsamba ndi tsamba. Pamenepo anapeza kuti malipiro olembedwa m'chisamani anali okwera kuposa amene mnyamatayo ankasainira. Anabweretsanso zigamulo zakale za milandu ya zala zoduka n'kundionetsa mmene khothi limagawira ndalama: ya ululu ndi kuzunzika, ya kulephera kuchita zomwe munthu ankachita kale, ya chilema chooneka. Anandichenjezanso kuti ndisadalire manambala akalewo, popeza khothi limaganizira kugwa kwa kwacha, ndipo mu November 2023 inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi.

Mlandu sunafike poitana mboni. Malamulo a High Court a 2017 amafuna kuti mbali ziwiri ziyambe zakambirana pamaso pa jaji ngati mkhalapakati, ndipo tinamvana pomwepo. Mnyamatayo anakhala mbali inayo ya tebulo, dzanja lovulalalo ataliika m'thumba la jekete nthawi yonse. Chimene ndinawalemekeza nacho mayiwa n'chakuti sanamunyoze ngakhale kamodzi, ankamutchula kuti achimwene. Tinagwirizana ndalama yochepera theka la imene ankafuna poyamba, yolipira m'magawo anayi.

Nyenyezi yachisanu ndawamana chifukwa cha foni ndi bilu. Ukaimba, kalaliki amati ali kukhothi ku Karonga, mawa lake ali ku Lilongwe, ndipo pa WhatsApp timizere timasanduka tabuluu koma yankho osabwera mpaka sabata. Tsiku lina ndinatseka shedi, n'kukwera kabaza mvula ya ku Mzuzu ija ikuwaza, kukafika kukhothi n'kumva kuti tsiku linasinthidwa kale. Iwo ankadziwa, kungoti palibe anandiuza. Za ndalama nazo sitinalemberane chilichonse poyamba. Dipoziti inali ngati mtengo wa lole imodzi ya matabwa, ine n'kumayesa kuti ndi zonse. Pamapeto kunabwera pepala lina la mafotokope, masitampa a kukhothi ndi maulendo, kuwonjezera apo ndinalipiranso gawo la ndalama za loya wa mnyamata uja, zimene anazitchula mongodutsa tsiku loyamba. Nditadandaula anachotsako pang'ono, ndipo risiti anandipatsa pa ndalama iliyonse.

Amene mukufuna kupitako, pemphani kalata yofotokoza malipiro awo musanapereke tambala, ndipo chisamani musachisunge m'kabati ngati mmene ndinachitira ine kwa sabata yathunthu, chifukwa masiku oyankhira ndi owerengeka ndipo khothi likhoza kugamula inu kulibe. Gawo lomaliza la chipepeso ndikulipira mwezi wamawa, kudzera ku ofesi yawo yomweyo.