Nyumba ya pa dzenje la njerwa lokwiriridwa: zomwe zaoneka patatha madzinja awiri

Nyumba yomwe ikuunikidwa pano ndi ya zipinda zogona zitatu, ya njerwa zootcha ndi denga la malata, kunja kwa mzinda wa Lilongwe. Theka la pulotiyo kale linali dzenje lokumbamo dothi loumbira njerwa. Linakwiriridwa ndi dothi lotsitsidwa m'malole, zidutswa za njerwa ndi zinyalala, popanda kutsendera, kenako udzu n'kumera. Maenje oyesera anayi ndiwo anaulula za pansi: mbali ya kumsewu katondo wolimba anapezeka pa masentimita 70, pomwe kumbuyo anali pa mamita 1.8. Papita miyezi 20 chilowereni anthu m'nyumbayi.

Makoma sanang'ambike paliponse. Kona zonse zili chilili, zitseko zikutsekeka bwino, mafelemu a mawindo sanapotoke. Chifukwa chake n'chakuti palibe khoma lomwe linakhala pa dothi lokwirira. Mbali ya kumsewu anathira faundeshoni wamba, mamilimita 690 m'lifupi ndi 230 kuchindikala, pa katondo. Kumbuyo anakumba maenje mpaka kulowa masentimita 30 m'katondo, n'kuthira mapadi (zigulumwa za konkire zokhalapo mapila) a mamilimita 900 ndi 900, kuchindikala 300, otalikirana mamita osapitirira 2.5. Pa mapadiwo panaima mapila, ndipo pamwamba pake panadutsa bimu (mtanda wa konkire) ya zitsulo zinayi za Y16 (za mamilimita 16) yomangidwa ndi maring'i a R8 (a mamilimita 8) pa mamilimita 200 aliwonse. Khoma lakhala pa bimu, bimu pa mapila, mapila pa nthaka yachilengedwe. Dothi la pakatipo kaya lititimire, khoma silidziwako. Miyezoyi inawerengedwa ndi injiniya poona kulemera kwa nyumba imeneyi ndi dothi la pamalopo, choncho si yongokopera pa puloti ina.

Konkire nayo yathandiza, ndipo apa mpomwe nyumba zambiri zimafera. Muyezo wa 1:2:4 umatanthauza simenti, mchenga ndi kwale zoyezedwa ndi chotengera chimodzimodzi. Thumba la simenti la makilogalamu 50 ndi pafupifupi malita 33, pomwe wilibala ya omanga imalowa pafupifupi malita 65. Ndiye thumba limodzi limafuna wilibala imodzi ya mchenga ndi mawilibala awiri a kwale. Amisiri ambiri amawerenga thumba limodzi, mawilibala awiri, mawilibala anayi, n'kumati ndi 1:2:4, koma zomwe zatuluka ndi 1:4:8, konkire yosayenera kunyamula bimu. Pa nyumbayi muyezo unasungidwa, zitsulo zinakwezedwa mamilimita 50 kuti zisakhudze dothi, ndipo konkire inathiriridwa madzi masiku asanu ndi awiri.

Zomwe zavuta ndi zonse zomwe zinasiyidwa pa dothi lokwirira lija, kuyambira silabu, konkire ya pansi m'zipinda.

M'zipinda ziwiri zakumbuyo silabu yatsika pakati pa mamilimita 10 ndi 15. Pakati pa matailosi ndi khoma patseguka mpata wolowa chala cha mwana, ndipo ukagogoda pansi ndi chigwiriro cha hamala pamamveka ngati ng'oma. Silabuyo ndi ya mamilimita 100, ili ndi mesh (ukonde wa zitsulo) ya A142 ndi pepala lakuda lotchinga chinyezi, ndiye sinasweke. Yangotsatira dothi lomwe lathawa pansi pake. Cholakwika chinali chakuti anangotsendera masentimita 30 apamwamba ndi makina a plate compactor. Makina amenewa mphamvu yake siifika patali. Dothi limafunika kuthiridwa m'magawo a mamilimita 150, gawo lililonse linyowetsedwe mpaka loti ukalifumbata ligwirana koma osatulutsa madzi, kenako litsenderedwe lisanathiridwe lina. Dothi la mamita 1.8 ndi magawo 12. Kutsendera pamwamba pokha kumangopanga chikhokho, pansi pali pofewa.

Kutsikako sikunayambe nthawi yomweyo. Chilimwe choyamba pansi panali bwinobwino. Mpata unaoneka mu Febuluwale wa dzinja loyamba, nthaka itakhuta madzi. Dothi losatsendera likauma limaoneka lolimba chifukwa zibuma zake zimatsamirana, koma likanyowa koyamba zibumazo zimasungunuka n'kugwera m'mipata. Ngakhale litatsika magawo awiri okha pa 100, dothi la mamita awiri latsika mamilimita 40. Zinyalala, zitsa ndi udzu zomwe zinakwiririka zimaonjezera, chifukwa zimawola pang'onopang'ono kwa zaka. M'dzinja lachiwiri silabu inatsikanso, koma pang'ono poyerekeza ndi loyamba.

Njira zoyenera zinalipo ziwiri: kufukula dothi lonse loipa m'kati mwa zipindazo n'kubwezeramo gelevulo m'magawo, kapena kuthira silabu ya zitsulo yotsamira pa bimu mbali zonse, yosadalira dothi. Pa kuya kopitirira mita imodzi, yachiwiriyi ndiyo yodalirika. Ndalama yomwe inapulumutsidwa pamenepa idzathera pa kugumula matailosi ndi kuthira silabu ina.

Khonde lakukhitchini ndi masitepe ake zalekana ndi nyumba ndi mng'alu wa mamilimita pafupifupi 8, popeza zinakhala pa faundeshoni yakeyake yosaya. Choopsa kuposa zonsezi chinali paipi ya PVC ya mamilimita 110 yochokera kuchimbudzi. Inamatidwa ndi simenti podutsa pa khoma, pomwe kunja inagona pa dothi lokwirira. Dothi litatsika, paipi inathyoka pa joini ya pafupi ndi khoma, madzi n'kumalowa m'nthaka mwakachetechete kwa milungu ingapo, ndipo madzi omwewo anafulumizitsa kutitimira kwa khonde. Paipi yodutsa pa khoma la nyumba yotere imafuna kulowetsedwa m'paipi ina yokulirapo kuti ikhale ndi mpata wosuntha, joini zikhale za mphira, ndipo pansi pake payalidwe mchenga wotsendera. Septic tank (thanki ya zonyansa za kuchimbudzi) ndi soakaway (dzenje lomwetsa madzi ake m'nthaka) zikhale kumunsi, kutali ndi nyumba, osati m'dzenje lakale lomwelo chifukwa choti n'losavuta kukumba.

Madzi a padenga anasamalidwa bwino, ndipo izi zachepetsa mavuto. Kuzungulira nyumba kuli konkire ya mita imodzi m'lifupi yotsetsereka chakunja, ndi ngalande yopita kumsewu. Pomwe konkireyo yalekana ndi khoma pamafunika kumata mvula isanayambe mu Novembala, ndi phula kapena chomatira chofewa, osati simenti yomwe idzang'ambikanso. Mankhwala a chiswe nawo abwerezedwe m'ming'alu yatsopanoyi, chifukwa chiswe chimalowera momwemo.

Kwa yemwe nyumba yake ili kale pa malo otere, musathamangire kumata ming'alu. Yambani mwadziwa ngati ikukula. Lembani ndi pensulo pomwe mng'alu wathera, ikani deti, yezani kukula kwake ndi rula mwezi uliwonse, makamaka kuyambira Januwale mpaka Epulo. Ming'alu yopyapyala ngati tsitsi yomwe ili pa pulasitala pokha siopsa. Yoyenda mopendekera ngati masitepe motsata mizere ya njerwa, yotambasuka kumtunda kapena kumunsi, yooneka mkati ndi kunja komwe, imeneyo ndi ya faundeshoni. Ikapitirira mamilimita 5, kapena zitseko zikayamba kukana kutseka, itanani injiniya akumbe pambali pa khoma aone pomwe faundeshoni yakhala.

Pa nyumba yomwe taunikayi, mapila ndi bimu n'zoyenera kubwereza pa puloti ina iliyonse yofanana nayo, bola injiniya awerengenso miyezo yake. Silabu ya zipinda zakumbuyo ikudikira chilimwe kuti igumulidwe n'kuthiridwanso yotsamira pa bimu, khonde lipatsidwa mapila awiri akeake ofika pa katondo, ndipo paipi ya kuchimbudzi yasinthidwa kale.