Masiku asanu ndi awiri pa chilumba cha Madeira

Abale anga a ku Ntcheu, ambiri mwa inu mutaona zithunzi zimene ndinatumiza pa WhatsApp munandifunsa kuti malo obiriwira chonchi ndi kuti, ndipo ena munaganiza kuti ndabwera mwakachetechete n'kukabisala ku Mulanje. Ndinali pa chilumba cha Madeira, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndikufotokozereni mwadongosolo, chifukwa zithunzi zija zinaonetsa maluwa ndi nyanja zokha, pamene zimene zinandikhala mumtima zinali zina.

Kwa zaka zinayi zimene ndakhala ndikugwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Manchester, tchuthi changa chonse ndinkachisunga kuti ndibwere kumudzi kapena ndinkachithera pa maganyu. Chaka chino m'mwezi wa Febuluwale, kuzizira ndi mdima zitanditopetsa, mnzanga wa ku Chipata amene timagwira naye ntchito anandikakamiza kuti tikaothereko dzuwa. Popeza Madeira ndi gawo la dziko la Portugal, ndipo pasipoti ya Malawi imafuna viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya, kuti munthu alowe m'dzikolo, ndinayamba ndasonkhanitsa kalata ya kuntchito, mapepala a kubanki ndi umboni wa malo ogona, kenaka ndinadikira masabata angapo. Ulendo wa pa ndege ndi wa maola pafupifupi anayi. Bwalo la ndege, limene kuyambira 2017 limatchedwa ndi dzina la Cristiano Ronaldo yemwe anabadwira pa chilumbachi, lili m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, ndipo mbali ina ya msewu wotera ndege inamangidwa pamwamba pa nsanamira zazitali za konkire chifukwa malo athyathyathya kumeneko ndi osowa.

Madeira ali m'nyanja ya Atlantic, kumadzulo kwa Morocco, ndipo ali pafupi ndi Africa kusiyana ndi mtunda umene ulipo kukafika ku Lisbon, likulu la dziko la Portugal limene limamulamulira. Kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 57, m'lifupi 22, ndipo anthu ake ndi pafupifupi 250,000. Chilumba chonsecho ndi phiri limodzi lalikulu lotuluka m'nyanja, lomwe nsonga yake, Pico Ruivo, imapitirira mamita 1,800. Nyengo yake inandikumbutsa Dedza m'mwezi wa Epulo: masana dzuwa lofunda bwino, madzulo kamphepo kofuna juzi, ndipo kumapiri nkhungu imatha kukuta malo mwadzidzidzi.

Tsiku loyamba mu mzinda wa Funchal, likulu la chilumbachi, makutu anga anadabwa maso asanadabwe. Ife amene tinakulira m'mbali mwa msewu wa ku Lizulu, kumene kuoloka phula n'kulowa m'dziko la Mozambique, Chipwitikizi si chachilendo kwenikweni. Ndinakumbukira zaka za nkhondo zija pamene othawa kwawo anadzaza m'midzi yathu, ndi momwe amayi ena a kutsidya ankawerengera ndalama pamsika. Mumsika waukulu wa Mercado dos Lavradores ndinamva wogulitsa akunena kuti batata, ndipo m'sitolo ina ndinawerenga mawu akuti sapato ndi chapéu. Mbatata, nsapato ndi chipewa, mawu amene ndinkayesa kuti ndi athuathu, ndinawapeza kwawo. Ndinasangalala ngati ndakumana ndi wachibale, komabe chimwemwecho chinali ndi funso mkati mwake, pakuti mawu sayenda okha. Anafika kwathu ndi anthu amene ankakwera mtsinje wa Zambezi kufuna golide, minyanga ndi akapolo.

Mbiri ya Madeira imasiyana ndi yathu pa mfundo imodzi. Pamene João Gonçalves Zarco ndi Tristão Vaz Teixeira anafika m'chaka cha 1419, sanapezepo anthu, koma nkhalango yowirira, ndipo n'chifukwa chake anachitcha Madeira, kutanthauza matabwa kapena mitengo. Palibe mfumu imene inalandidwa dziko. Munthu atamva zimenezi angaganize kuti utsamunda wa kumeneko unalibe magazi, ndipo inenso ndinayamba ndaganiza choncho, mpaka pamene ndinalowa m'kanyumba kosungiramo mbiri ya shuga, kotchedwa A Cidade do Açúcar, pakati pa Funchal.

Atsamundawo atatentha ndi kugwetsa nkhalango anabzala nzimbe, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1400 shuga wa ku Madeira anali akugulitsidwa m'misika ikuluikulu ya ku Ulaya. Aliyense amene anaonapo odula nzimbe ku Nchalo kapena ku Dwangwa akudziwa kuti ntchito imeneyi imadya thupi la munthu. Ku Madeira mbali yaikulu ya ntchito yowawayi inagwiridwa ndi akapolo, ena ogwidwa ku zilumba za Canary, ena ochokera kumpoto ndi kumadzulo kwa Africa. Njira yolima nzimbe m'minda ikuluikulu pogwiritsa ntchito akapolo inayesedwa pa zilumba ngati chimenechi isanawolokere ku São Tomé ndi ku Brazil, kumene inameza anthu a ku Africa mamiliyoni. Ngakhale Christopher Columbus anafikapo pa Madeira pa malonda a shuga, ndipo anakwatira mwana wa bwanamkubwa wa chilumba choyandikana nacho cha Porto Santo.

Chuma cha shuga chikuonekabe paliponse. Chizindikiro cha mzinda wa Funchal chili ndi mibulu isanu ya shuga. Tchalitchi chachikulu cha Sé, chomwe chinamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500, chili ndi denga la matabwa osemedwa mwaluso kwambiri, ndipo m'nyumba yosungiramo zithunzi zachipembedzo muli zojambula zodula zimene eni minda ankaitanitsa ku Flanders, dera limene lero lili m'dziko la Belgium, posinthanitsa ndi shuga. Ndinakhala pa benchi m'tchalitchimo kwa nthawi yaitali. Mayina a akapitawo a zombo, a mabishopu ndi a amalonda ndinawaona olembedwa pa zipilala ndi m'misewu, koma m'masiku onse amene ndinayenda mumzindamo sindinakumane ndi dzina la kapolo ngakhale mmodzi. Zimenezi zinandipweteka, chifukwa ine ndinali mmodzi mwa anthu akuda ochepa kwambiri m'tchalitchimo, ndipo ndinkadziwa kuti anthu a khungu ngati langa anafikapo pa chilumbachi zaka mazana asanu ine ndisanafike, koma osati kudzapuma.

Chimene chinandigwira mtima koposa ndi ngalande zamadzi zimene eni ake amazitcha levada. Mvula yambiri imagwa kumpoto kwa chilumbachi, pamene minda ndi midzi yambiri ili kummwera kumene n'kouma. Choncho kuyambira zaka za m'ma 1400 anthu anayamba kusema tingalande topapatiza m'mbali mwa mapiri, totsetsereka pang'onopang'ono, kuti madzi ayende okha kuchokera kumene achuluka kupita kumene akusowa. Lero ngalandezi zonse pamodzi ndi zotalika makilomita oposa 1,000, ndipo m'mbali mwake muli tinjira timene alendo amayendamo. Ife tinatsata ya ku Caldeirão Verde, yodutsa m'nkhalango yakalekale imene bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo otetezedwa mu 1999. Penapake kanjirako kankachepa moti kudzanja lina kunali thanthwe lodontha madzi, kwinaku phompho, ndipo tinkalowa m'mapanga amdima titayatsa tochi za pafoni. Wotiperekeza anafotokoza kuti m'malo ena osema miyalayo ankatsitsidwa ndi zingwe kuchokera pamwamba pa thanthwe, ndipo ambiri anafera pa ntchitoyo. Oyambirira anali akapolo, ndipo pambuyo pake anali alimi osauka a pachilumba pomwepo. Mpaka lero pali munthu wotchedwa levadeiro amene ntchito yake ndi kuyeretsa ngalande ndi kugawa madzi, mlimi aliyense pa maola ake.

Ndikuyenda m'mbali mwa madziwo ndinkaganiza za dimba la amayi kumunsi kwa phiri, ndi momwe timakanganirana madzi m'mwezi wa Okutobala pamene mtsinje wachepa. Ndinaganizanso za mapiri athu amene dothi lake limakokoloka chaka ndi chaka. Ku Madeira phiri lililonse lolimidwa linadulidwa m'timinda tating'ono tokhala ngati masitepe, tochirikizidwa ndi makoma a miyala, ndipo m'timinda timeneti muli nthochi, mphesa, mbatata, kabichi ndi nyemba. Thirakitala singafikemo, khasu ndi msana ndi zomwe zimagwira ntchito. Sindikunena kuti tingakopere zonsezi, pakuti ndaona mtengo umene unalipidwa, koma ndinachita nsanje ndi dothi losathawa mwini wake.

Angerezi nawonso ali ndi gawo lawo pa chilumbachi. Shuga atalandidwa msika ndi Brazil, anthu anatembenukira ku mphesa, ndipo malonda a vinyo wa Madeira anagwera kwambiri m'manja mwa mabanja a ku Britain. Asilikali a Britain anakhalapo pa chilumbachi mu 1801, ndiponso kuyambira 1807 mpaka 1814, pa nthawi ya nkhondo za Napoleon. Pambuyo pake olemera ndi odwala chifuwa ankabwera kudzathawa chisanu cha kwawo, hotela yotchuka ya Reid's inatsegulidwa mu 1891, ndipo Winston Churchill anadzajambula mudzi wa asodzi wa Câmara de Lobos mu 1950. Sitima za Union-Castle zochokera ku Southampton kupita ku Cape Town zinkaima pa Funchal. Pa zithunzi zakale zimene ndinaona m'sitolo ina munali mzungu atagona mu nsalu yomangidwa ku mtengo wautali, amuna awiri a pachilumbapo atausenza pamapewa. Ndinaima chilili, chifukwa awa anali machila enieni amene agogo ankasimba kuti ankanyamulira abwana a boma kwathu. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Madeira onyamulawo analinso azungu, koma osauka. Tsiku lomwelo tinakwera ku Monte, dera lakumtunda kwa mzinda wa Funchal, kumene alendo amatsetsereka msewu atakhala m'dengu lalikulu lokankhidwa ndi amuna awiri ovala zoyera ndi zipewa zaudzu. Mnzanga anakwera ndipo anasangalala kwambiri. Ine ndinatsika wapansi, osati chifukwa chonyoza ntchito ya amunawo, imene amadyetsa nayo mabanja awo mwaulemu, koma chifukwa chithunzi chija chinali chidakali m'maso mwanga.

Za chakudya ndinene mwachidule. Nsomba yawo yotchuka ndi espada, yakuda ndi yaitali, yochokera pansi penipeni pa nyanja, ndipo amaikazinga pamodzi ndi nthochi. Koma chimene chinandiseketsa ndi chisangalalo ndi milho frito: amaphika ufa wachimanga ngati nsima, amausiya kuti uzizire, kenaka amaudula timagawo n'kukazinga m'mafuta. Ndi mkute umene wapatsidwa ulemu. Mitengo ndi ya mayuro, ndipo m'malo odyera a alendo ndi yokwera, choncho masiku ambiri tinkagula buledi wawo wa bolo do caco ndi zipatso n'kukadyera m'mphepete mwa nyanja.

Mayi amene tinkagona m'nyumba mwake, wa zaka za m'ma 60, atamva kuti ndine wa ku Malawi anasintha nkhope, nayamba kundilankhula Chingerezi cha ku Johannesburg. Makolo ake anachoka pa chilumbachi ali wakhanda chifukwa cha umphawi, ndipo anakakulira kuseri kwa kauntala ya sitolo ya masamba ndi zipatso ku South Africa, kumene ankagwira ntchito ndi Amalawi angapo. Anandiuza kuti pafupifupi banja lililonse la ku Madeira lili ndi wachibale ku South Africa, ku Venezuela, ku Jersey kapena ku England, ndipo nyumba zambiri zokongola zimene ndinkaziona m'mapiri zinamangidwa ndi ndalama zotumizidwa kuchokera kunja. Chilumbachi chinapatsidwa boma lake lodziyendetsera zinthu mu 1976, patapita chaka chimodzi Mozambique atalandira ufulu, ndipo misewu yambiri yabwino yabwera pambuyo pake. Mwana wake wamkazi, anatero mayiyo, ali ku England ndipo amasamalira okalamba. Tinakhala pakhonde mpaka usiku, iye akundionetsa zithunzi za zidzukulu zimene amaziona kamodzi pachaka, ine ndikumuonetsa nyumba imene ndikumanga ku Ntcheu, yomwe yafika pa mawindo.

M'mawa wa tsiku lonyamuka anandipatsa kabotolo ka uchi wa nzimbe, wakuda ndi wonata, wochokera ku fakitale ina mwa zochepa zimene zikufinyabe nzimbe pa chilumbachi. Sindinakatsegule. Ndakasunga m'sutikesi pamodzi ndi katundu amene ndidzabwere naye mu Disembala, kuti amayi adzalawe pa phala.