Lecht, Glenshee, Glencoe, Cairngorm kapena Nevis: ana tikawayambitsire kuti ski?

Anzathu amene mwangofika kumene kuno ku Scotland, makamaka inu a ana, Januwale akakwana mudzamva funso limene ine linandisowetsa mtendere: "Adadi, anzathu akusukulu apita kokatsetsereka pa chipale, ife tipita liti?" Poyamba ndinkayesa kuti ski ndi masewera a anthu opita ku France ndi ku Austria. Kwa ife a pasipoti ya Malawi ulendo umenewo umayambira pa viza ya Schengen, ndiye pabwere ndege, malo ogona sabata yathunthu, banja la anthu anayi. Ndinawerengetsera kamodzi n'kutseka kompyuta. Patapita nthawi m'pamene mnzanga wina wakuntchito anandiuza kuti m'dziko momwe muno muli malo asanu okhala ndi malifiti okweza anthu kuphiri, ndipo ena mwa iwo munthu umapita m'mawa n'kubwerako madzulo kudzadya nsima kunyumba. Ndafikako konse, kwina kangapo, kwina kamodzi kokha. Ndimakhala ku Perth, choncho zimene ndinene za Glenshee muchotsereko pang'ono, chifukwa ndi kuseri kwa nyumba yanga.

Musanasankhe, dziwani kaye kuti mapiri a kuno ndi aafupi. Ben Nevis, lalitali kuposa onse mu Britain, ndi la mamita 1,345 okha. Tauni ya Dedza ili pamwamba kuposa nsonga yake, osanena za Sapitwa ndi mamita ake 3,002. Pamwamba penipeni pa Glencoe, pamene anthu amayambira kutsetsereka, ndi mamita 1,108, kungopitirira pang'ono pamene pali Lilongwe. Chipale chimagwa kuno chifukwa dzikoli lili kumpoto kwambiri, koma nyanja yaikulu ili pafupi, ndiye mphepo yofunda ikangochokera kumadzulo, chipale chimene chinagwa Lachiwiri pofika Loweruka chasanduka madzi. Mlendo ndi mame, ndipo chipale cha kuno ndi mlendo wotero. Aliyense amene akukuuzani kuti malo akutiakuti ndi abwino koposa, mufunseni kuti anapitako tsiku lotani.

Ndiyambe ndi kakang'ono kuposa onse, The Lecht. Kali m'mbali mwa msewu wa A939, pakati pa Cock Bridge ndi Tomintoul, msewu umene chaka ndi chaka umayamba kutchulidwa pawailesi kuti watsekedwa ndi chipale. Pa dzina lake amaikapo 2090, kutanthauza mapazi kuchokera pa nyanja, pafupifupi mamita 640. Munthu wodziwa kale ski akafika amangoseka, chifukwa motsetsereka mwake ndi mwaufupi, usanatenthe n'komwe wafika kale pansi. Koma kwa ife amene tinakula tikutsetsereka ndi matako pa chulu mvula ikagwa, ufupi umenewo ndiye ubwino wake. Poimika galimoto, nyumba yobwerekera majombo ndi maski, modyera, ndi pophunzirira ana, zonse zili pamodzi. Mayi a kunyumba, amene anakaniratu kuti miyendo yawo sadzaimanga pa matabwa, amakhala pawindo ndi tiyi wawo n'kumaona ana onse awiri popanda kusuntha. Pali lamba woyenda yekha ngati wa katundu pabwalo la ndege, mwana amangoimapo n'kukwera naye. Malifiti ake anawapatsa maina a mbalame: Robin ndi Wren za oyamba kumene, Eagle, Buzzard ndi Harrier za amene alimba mtima.

Kumeneko n'kumene ndinakumana koyamba ndi chimene amachitcha poma. Ndi ndodo yolendewera pa chingwe, kumapeto kwake kuli kambale kozungulira. Mumakalowetsa pakati pa miyendo ndipo kamakukokani mutaimirira, maski akukhwekhwereza pansi. Mnyamata woyang'anira anandiuza kawiri konse kuti ndisakhalire. Ine kuona kambale pansi pa matako, thupi linangoganiza lokha kuti ndi mpando. Ndinakhalira, chingwe chinatamuka, ndinagwa chagada, ski imodzi n'kuvuka kupita yokha kumunsi. Mwana wanga wamkazi anandidutsa ali pa poma yake akufuula kuti, "Adadi, imirirani ngati muli pa mzere wa chigayo!" Chigayo anachionapo kamodzi kokha kwa agogo ake, koma malangizo ake anali olondola kuposa onse amene ndinalandira tsikulo.

Glenshee ndi nkhani ina. Awa ndi malo aakulu kuposa ena onse, malifiti oposa 20, motsetsereka mokwana makilomita pafupifupi 40, atayala pa mapiri anayi. Msewu wa A93 wochokera ku Blairgowrie kupita ku Braemar umadutsa pakati penipeni, pa Cairnwell Pass, mamita 670, ndipo palibe msewu wina waukulu mu Britain wokwera kuposa pamenepa. Kuchokera ku Perth ndi ola limodzi, a ku Dundee nawonso sali kutali, a ku Edinburgh maola awiri. Mbali ina ya msewu kuli Sunnyside kumene ophunzira amachulukira, ndipo mukapitirira mumawoloka zigwa mpaka ku phiri la Glas Maol. Mbali inayo kuli The Tiger, potsetsereka pamene ine ndimangopayang'ana ndili pa galimoto.

Tsiku limene Glenshee yadzaza chipale paliponse, dzuwa lawala, mphepo yagona, palibe malo ena m'dziko muno amene angafanane nayo, mwina mumayenda tsiku lonse osabwereza njira. Vuto ndi loti masiku otero ndi owerengeka, ndipo aliyense wa ku Aberdeen, Dundee ndi Edinburgh amawadziwa. Loweruka la mu Febuluwale, sukulu zikapumira, mukafika 9 koloko mupeza poimika galimoto podzaza ndi mzere wobwerekera majombo wautali ngati wa feteleza. Chipale chikachepa, kukula konse kuja kumatha, mumatsala ndi kachigawo kakang'ono m'mbali mwa msewu, kosasiyana ndi Lecht koma anthu ochuluka kuwirikiza. Ndiye ine ndimati Lecht ya chaka choyamba, Glenshee ana akadziwa kukhota ndi kuima.

Glencoe ndimaikonda kuposa momwe luso langa likundiyenerezera. Ndi yakale kuposa onse, lifiti yake yoyamba inayamba kugwira ntchito mu 1956. Ili m'mbali mwa A82, maola osakwana awiri kuchokera ku Glasgow, pa phiri la Meall a' Bhùiridh, dzina limene mpaka lero sinditha kulitchula. Apa simutsika m'galimoto n'kuyamba kutsetsereka ayi. Mumakwera kaye mpando wolendewera pa chingwe, miyendo ili lende m'malere, kudutsa pamwamba pa mathithi, mpaka kukafika pachidikha pamene pali ophunzira. Mukacheuka mumaona Rannoch Moor, dambo lalikulu lopanda nyumba ngakhale imodzi, ndi phiri la Buachaille Etive Mòr litaima ngati Chambe. Pamwamba pa Meall a' Bhùiridh pali njira yotchedwa Flypaper, imene amati ndi yotsetsereka kwambiri kuposa njira zonse za ku Scotland. Ndi malo opanda matama, anthu ake ambiri amadziwana, ena majekete awo ndi a zigamba. Nyumba yawo yodyeramo ya pansi inapsa ndi moto pa Khrisimasi ya 2019, koma sanatseke, anapitiriza kugwira ntchito mpaka kumanga ina. Kwa mwana wazaka zisanu amene akuopa, mpando uja ndi chiyeso chachikulu tsiku loyamba. Kwa banja longofuna kuponyerana chipale ndi kutsetsereka pa sledge, kangolo kopanda matayala kokhalapo, a ku Glasgow musavutike kupita kutali.

Cairngorm ndi yotchuka kuposa onse, ndipo ili ndi chinthu chimodzi chimene Lecht ndi Glenshee alibe: mukhoza kufikako opanda galimoto. Sitima yochokera ku Edinburgh, Glasgow kapena Inverness imaima pa Aviemore, ndipo basi imakwera mpaka kuphiri. Aviemore ndi tauni yeniyeni, muli masitolo, malo ogona, ndipo m'njira pa Glenmore pali mphalapala za kumpoto zija zimene ana amaziona pa makadi a Khrisimasi, zinabweretsedwa kuchokera ku Sweden mu 1952. Phirilo ndi la mamita 1,245, ndipo chifukwa chokwera chonchi chipale chimakhalitsa. Mu 2010 anthu anatsetsereka kumeneko mpaka mwezi wa Juni. Koma kukwera komweko kumabwera ndi mphepo. Pa nsonga yake anayezapo mphepo ya mamailosi 173 pa ola mu 1986, ndipo masiku ambiri chipale chimakhalapo koma malifiti ali chiimire. Kulinso nkhani ya sitima yokwera phiri imene inatsegulidwa mu 2001. Inaimitsidwa mu 2018 atapeza kuti mizati yake ili ndi vuto, inakonzedwa ndi ndalama za boma pafupifupi mapaundi 25 miliyoni, inatsegulidwanso mu Januwale 2023, n'kuimanso mu Ogasiti chaka chomwecho. Malowa ndi a bungwe la boma la Highlands and Islands Enterprise, ndipo eni malo enawo akamaona ndalama zoterozo zikupita pa phiri limodzi, mutha kuganiza nokha zimene amalankhula.

Nevis Range ndingoidutsa mwachangu. Ndi yatsopano kuposa onse, ya mu 1989, pa Aonach Mòr pafupi ndi Fort William, ndipo ili ndi gondola, timanyumba tagalasi toyenda pa chingwe, yokhayo yokwera phiri mu Britain. Ngati abwera achibale kudzacheza ndipo mukufuna kuti agogo akagwire chipale ndi manja popanda kuvala maski, gondola imeneyi ndiyo yankho. Koma masiku ano dzina la malowa limamveka kwambiri pa njinga zotsika phiri. Mipikisano ya World Cup inayamba kuchitikira kumeneko mu 2002, ndipo mu 2023 kunachitikira mpikisano wa akatswiri a dziko lonse lapansi.

Tsogolo la malo onsewa lagona pa kusintha kwa nyengo. Pa phiri la Braeriach pali kachigamba ka chipale kotchedwa Sphinx, kamene kale kankakhala chaka chonse osasungunuka. M'zaka zonse za m'ma 1900 kanasungunuka katatu kokha, mu 1933, 1959 ndi 1996. Kuyambira 2017 kakhala kakusungunuka pafupifupi chaka chilichonse. Tsoka linanso, dzinja la 2021 chipale chinagwa chambiri, koma dziko linali lotsekedwa chifukwa cha Covid, malifiti anangokhala mapiri ali mbuu. Eni malowa sakungokhala manja lende. Kuyambira kale amamanga mipanda ya timatabwa m'mbali mwa njira kuti igwire chipale chouluzika ndi mphepo, monga momwe mizere ya vetiva imagwirira nthaka m'munda wotsetsereka. Zaka zaposachedwa ambiri agula makina otchedwa Snowfactory, chibokosi chonga kontena chimene chimapanga tizidutswa ta ayezi mkati mwake ngati firiji n'kumatiuluzira panja ndi paipi. Makina akale opopera chipale amafuna kuti kunja kuzizire mpaka madzi aundane, koma awa amagwira ngakhale kutafunda. Zotsatira zake n'zoseketsa kuona: phiri lonse lofiirira, pakati pake kamzere kamodzi koyera ngati nsalu yoyanika, ana makumi atatu ali pamzere. Akatswiri amanyoza. Ine sindinyoza, chifukwa ana anga anaphunzirira pa kamzere koteroko, ndipo ndi kamene kamachititsa kuti aphunzitsi ndi obwereketsa majombo akhale ndi ntchito mu Disembala. Kungoti magetsi ake ndi okwera mtengo, ndipo kamzere sikangadyetse malo aakulu.

Pachifukwa chimenechi ndikuona kuti amene ali ndi chogulitsa nthawi yotentha ndi amene angakhalitse. Nevis ili ndi gondola ndi njinga, Glencoe ili ndi njinga, timanyumba togona ndi msewu wodzaza alendo chaka chonse, Cairngorm ili ndi Aviemore ndi boma kumbuyo kwake. Lecht ndi Glenshee, zimene ndakuyamikiranizi, n'zimene zimadalira kwambiri kumwamba, ndipo Lecht yapemphapo kale anthu wamba kuti asonkhe ndalama zoithandiza. Zimandidetsa nkhawa, chifukwa kamalo ngati kameneka kakatsekedwa, a ndalama adzangokwera ndege kupita ku mapiri a Alps, ku France ndi ku Austria kuja, otsala ndi ana a anthu ngati ife.

A ku Edinburgh, musanawononge petulo, kayambeni pa Hillend, pamene pali potsetsereka popanda chipale, pa mphasa zapulasitiki, chaka chonse. Maphunziro awiri kapena atatu pamenepo apulumutsa tsiku lanu loyamba kuphiri. Zovala musagule zatsopano, m'masitolo a kaunjika a kuno mumapezeka mabuluku ndi majekete osalowa madzi, koma pa magolovesi musaumire. Ndipo musalonjeze ana tsiku. Ife timayang'ana makamera a malowa pa intaneti Lachisanu usiku, m'mawa n'kuonanso ngati zipata za msewu pa Spittal of Glenshee kapena pa Cock Bridge, zimene amatseka chipale chikachuluka, zatsegulidwa. Zikakhala bwino, pofika 7 koloko tili m'galimoto, mbatata yophika ndi fulasiki ya tiyi zili kumbuyo. Zikakanika, timabwerera kukagona.