Kachitini ka phula la njuchi ndi mafuta a malambe: kabwino pa milomo, kovuta m'nyumba ya chimfine

Mwezi wa June chaka chino chimfine chinalowa m'nyumba mwathu kuno ku Dedza, ndipo chinayambira kwa mwana wathu wachisamba amene anachitenga kusukulu, kenako chinagwira mng'ono wake, mayi awo, ndi ine pomalizira. Chimene chinandisautsa kwambiri kuposa mutu ndi kuphwanya kwa thupi chinali milomo, imene inauma ndi kung'ambika mpaka kutuluka magazi ndikamamwa tiyi wam'mawa. M'masiku amenewo ndi pamene ndinatsegula kachitini ka mafuta opaka pamilomo kamene ndinagula m'kasitolo kena ku Lilongwe, kopangidwa ndi phula la njuchi, uchi pang'ono ndi mafuta ofinyidwa kuchokera ku nthanga za malambe.

Ntchito yake yeniyeni mafutawa amaigwira bwino. Khungu la pamilomo ndi lopyapyala ndipo silitulutsa mafuta ake monga limachitira khungu la pamasaya, choncho mphuno zikatsekeka munthu n'kumapumira pakamwa usiku wonse, m'mphepo youma ya nyengo yachisanu, milomo imataya chinyezi msangamsanga. Kunyambita kumangoonjezera vutolo, chifukwa malovu akauma amasiya milomo youma kuposa poyamba. Phula limakhala ngati chivindikiro chotsekera chinyezicho, ndipo pamenepa ndi pamene mafutawa anaposera Vaseline amene takhala tikudalira kuyambira tili ana. Vaseline ndinkamupukutira pa pilo pasanafike pakati pa usiku, koma awa ndikapaka pogona ndinkawapezabe m'mawa, ndipo pofika tsiku lachitatu ming'alu iwiri ya pamlomo wam'munsi inali itatsekeka. Ndinakondwanso kuona kuti sanaikemo mafuta a bulugamu kapena zina zoziziritsa, zimene zimamveka bwino pakamwa kwa mphindi zochepa koma zimanyerenyetsa khungu long'ambika kale.

Zodandaulitsa zing'onozing'ono zilipo. M'mawa kukazizira mafutawa amalimba ngati kandulo, moti pamafunika kufumbata kachitiniko m'manja kwa kanthawi. Uchi umene ulimo umakometsa, ndipo mwana wamng'ono ankangounyambita wonse, zimene zinabwezera ntchito m'mbuyo. Makolo adziwenso kuti chilichonse chokhala ndi uchi si choyenera kupaka pakamwa pa khanda losakwana chaka chimodzi, koma chenjezo limeneli pakachitinipo palibe. Mtengo wake nawo ndi wokwererapo poyerekeza ndi kabotolo ka Vaseline, ngakhale kuti kachitini kamodzi kamatha milungu yambiri.

Vuto lalikulu ndi kachitini kenikeniko. Mafutawa amatapidwa ndi chala, ndipo chala chimenecho m'nyumba ya chimfine ndi chomwe chija changopukuta mamina kapena kutsekera pakamwa poyetsemula. Madzulo ena ndinapeza ana anga awiri atakhala pamphasa, kachitini kali pakati pawo, wamkulu akutapa n'kupaka pamlomo pake, kenako n'kutapanso ndi chala chomwecho kuti apake mng'ono wake, ndipo pamwamba pa phulalo panatsala timaenje tiwiri tonyowa. Kachilombo ka chimfine kamayenda makamaka m'timadontho totuluka munthu akamatsokomola kapena kuyetsemula, koma kamathanso kukhala pa zinthu zolimba kwa tsiku lathunthu, ndipo munthu amatha kupatsira anzake kuyambira tsiku limodzi asanayambe kudzimva kudwala mpaka masiku 5 kapena 7 atadwala. Sindikunena kuti kachitiniko ndi kamene kanafalitsa matenda m'banja mwathu, popeza anawo amagona chipinda chimodzi, koma chiwiya chimene chimakakamiza zala zambiri kukumana malo amodzi kenako n'kupita pakamwa sichinaganiziridwe bwino. Palinso matuza aja amene amatuluka pamlomo thupi likatentha, amene amayamba ndi kachilombo kena ndipo amapatsirana mosavuta mwa njira yomweyi. Mafutawa sachiza matuza amenewo.

Chimene sindinagwirizane nacho mpang'ono pomwe ndi mawu a mayi amene ankagulitsa, amene anandiuza motsimikiza kuti wopaka mafutawa chimfine sichimugwira chifukwa malambe ali ndi vitamini C wambiri. N'zoona kuti ufa wa malambe uli ndi vitamini ameneyu wochuluka, koma vitaminiyu amakhala mu ufa woyera uja umene timapangira madzi a malambe, pamene mafuta amachokera ku nthanga, ndipo kupaka chinthu pamlomo sikutseka njira ya kachilombo kolowera m'mphuno. Ine ndemwe ndine umboni, popeza ndinatsokomola sabata yathunthu milomo ili phuliphuli.

Ndidzagulanso, koma ndasintha kagwiritsidwe kake. Ndinasungunula mafuta otsalawo poika kachitiniko m'madzi otentha, n'kuwagawa m'tizivindikiro tinayi ta mabotolo tochapidwa bwino, aliyense kake, ndipo ana ndinawauza kuti azisamba m'manja ndi sopo asanatape. Ndikadzapitanso ku Lilongwe ndidzawafunsa eni sitolo ngati opanga mafutawa angathe kuwaumba ngati kandodo kopaka mwachindunji pamlomo, pakuti phula lake n'lolimba mokwanira kutero.